Seva ya kwa Nsabwe

Anyamata a kwa Nsabwe ku Thyolo ali ndi khama ndithu. Asonkha za ganyu wa m'minda ya tiyi, agula rauta ya 4G, ati laputopu yawo ikhale seva ya Minecraft, abale a ku Johannesburg azilowa. Atsegula ma port mpaka tambala kulira, wolowa osaoneka. Rauta ilibe mlandu. Makampani a foni amaunjika makasitomala ambirimbiri pa adiresi imodzi ya IP, njira yotchedwa CGNAT, ngati mudzi wonse kulandirira makalata pabokosi la sukulu. Starlink, yomwe idafika m'dziko muno mu 2023, imachitanso zomwezo paphukusi la pakhomo. Adiresi yakoyako njolipira padera. Ndalama zikavuta, achimwene, kasewereni bawo. Kumeneko safunsa bandulo.