Ndinalipira ndalama kuti ndikankhe njinga ku Zomba

Kwathu ku Ntcheu munthu akamakwera phiri pamakhala chifukwa. Mwina mbuzi yasowa, mwina nkhuni zatha, mwina kumudzi kwabwera amene unamukongola. Palibe amene ankakwera kuti akangoyang'ana kumene wachokera. Ine sukulu ndinalimbikira, nyemba zofumbwa za kusekondale ndinadya osadandaula, cholinga chili chimodzi: miyendo yanga idzapume. Ndipo inapumadi. Masiku ano ndimakhala pampando mu ofesi ina ku Limbe, ndipo kamimba kanatuluka kuti kachitire umboni.

Sukulu zitatsekera mu Julaye, mwana wanga wachisamba, amene ali Fomu 3 ndipo foni siichoka m'manja mwake, anabwera ndi mlandu. "Adadi, anzathu kunjaku pa tchuthi amapita kumapiri banja lonse. Amayenda pansi, amapalasa njinga." Anandionetsa pa YouTube azungu ovala zisoti akutsetsereka m'miyala, bambo patsogolo, mano onse pamtunda.

Ndinamufotokozera modekha kuti kwawoko miyezi ya Juni mpaka Ogasiti ndi yotentha, n'chifukwa chake amathawira kumapiri. Kuno imeneyi ndi nyengo ya chiperoni, munthu wanzeru amakhala pafupi ndi mbaula n'kumaotcha mbatata. Ndinaonjezera kuti tchuthi cha mwana wa Mmalawi n'chodziwika kale: kupita kwa agogo kukatonola chimanga. Ndinayankhula bwino ndithu, moti ndinadziombera m'manja chamumtima. Koma oweruza anali atagamula mlandu usanalowe m'bwalo. Mayi a ana anali atabwereka kale ndalama ku banki nkhonde, ndipo ankakumbukira mawu a adokotala akuti BP yanga ikufuna ndiziyenda.

"Abambo, tikupita ku Zomba. Tikagona kwa achimwene ku Matawale."

Alamu angawo anabadwira ku Zomba konko likulu la dziko lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, koma phiri la Zombalo sanalikwerepo. Amangodziwa kuti n'kumene kumachokera madzi a pampopi, nkhuni ndi chimfine. Titawauza zolinga zathu anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandikokera kuseri. "Alamu, ngati pali vuto kuntchito nenani, ife ndi abale." Ndinawatsimikizira kuti zonse zili bwino. Sanakhulupirire, koma anandibwereka jekete.

M'mawa mwake tinayamba ndi kuyenda pansi. Kuchokera m'tauni pali kanjira kotchedwa Potato Path, kamene alimi ankatsitsira kachewere kumsika. Taonani, anthu ankadzera m'menemo potsika, atasenza zoti akagulitse. Ife tinkakwera, titanyamula ndalama zoti tikaononge. Tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pamene nsonga ya phirili yotchedwa Malumbe imapitirira mamita 2,000. Manambalawa ndinawamva kwa mnyamata wotilondolera njira, amene ankawatchula akukwera, osapuma, atavala masilipasi. Ine ndinali ndi nsapato zokwerera mapiri za pa kaunjika, zimene mwini wake woyamba ayenera kuti anali ndi phazi limodzi lalifupi.

Tisanafike patali, mtima unayamba kugunda m'makutu. "Madala, tipumeko?" anafunsa mnyamatayo. Ndinamuuza kuti sindinatope, ndikungofuna ndiidziwe bwino mitengo. Mtengo uliwonse wa m'kanjirako ndinaudziwadi, ina ndinaikumbatira.

Ndili chikumbatire mtengo wina, kunatulukira amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa chitseko, wina ali ndi mwana kumbuyo. Anapatuka mwaulemu.

"Mwadzuka bwanji bambo? Kodi kumtundaku kwagwa zovuta?"

"Ayi mayi, tikungoyenda."

"Kungoyenda?"

Anayang'ana ine, anayang'ana akazi anga, ndipo ndinaona chisoni m'maso mwawo. Anapitirira osanenanso kanthu, koma atangokhota tinamva chikhakhali chimene chinatiperekeza mpaka ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri.

Pamwambapo pali anyamata ogulitsa masitiroberi ndi mabulosi m'timbale. Atangoona chipewa changa ndi botolo la madzi m'manja, anayamba kundilankhula Chingerezi. Moyo wanga wonse ndakhala ndikufuna ulemu wotere, koma unabwera ndi mtengo wake. Ndinayankha m'Chichewa chenicheni cha ku Ntcheu, chokoka bwino, ndipo mtengo unatsikako pang'ono. Akazi anga atalowererapo unatsika ndi theka, n'kutiikira ndi basera. Potsika tinakwera galimoto, ndipo sindilola kuti nkhani imeneyi tiikambirane.

Tsiku la njinga ndiye linali tsiku. Bambo anga anali ndi Humber yakuda, yopanda magiya, imene inkanyamula matumba awiri a feteleza ndi mayi anga pamwamba. Ndinaphunzirira pa imeneyo, mwendo wopisa pansi pa mtanda, choncho nkhani ya njinga sindinkaiopa. Koma chimene anatibwereka pamwamba paja, titalipira ndalama yokwana thumba la chimanga, chinali china. Kaliyala palibe. Belu palibe. Magiya 21. Chishalo chowonda ngati usipa wouma. Ndinafunsa mwini wake kuti munthu wamkulu amakhala pati, iye anati njinga zimenezi sakhalira kwenikweni, amaimirira. Ndinafunsa kuti nanga bwanji osangoyenda pansi, koma ana anali atanyamuka kale.

Akazi anga anakana njinga. Anati iwo anabwera kudzaona chilengedwe, ndipo anayala chitenje m'mbali mwa damu la Mulunguzi, fulasiki ya tiyi pambali, zitumbuwa m'kontena. Damu limeneli ndi limene limamwetsa tauni ya Zomba, ndipo iwo analilondera tsiku lonse mokhulupirika. Amene anakonza ulendo wonsewu, amene anabwereka ndalama, amene ananena za BP yanga, sanatuluke thukuta ngakhale dontho. Ndimawalemekeza kwambiri mayi amenewa.

Za magiya ndinene mwachidule. Ukakankha kachitsulo kamodzi, miyendo imazungulira mofulumira koma njinga siyenda. Ukakankha kena, njinga imafuna kuyenda koma miyendo siizungulira. Ukakankha tonse tiwiri, tcheni chimagwa. Ndinayesa njira zitatu zonsezi, kenako ndinatsika n'kuyamba kukankha, umene ndi mchitidwe umene makolo athu anausiya utayesedwa kale.

Ndikukankha choncho, tcheni chili lende, ndinakumana ndi akatswiri enieni a njinga za m'mapiri. Aliyense amene anakwerapo msewu wa ku Ku Chawe anawaona: abambo otsika ndi njinga zosanjikiza nkhuni mpaka kupitirira mutu, mwini wake osaoneka, ukungoona mulu wa nkhuni ukubwera wokha. Chisoti alibe, magiya alibe, ndipo mabuleki ake ndi mapewa ndi zidendene. Amakwera kusanache, amatsika ndi katundu amene ine sindingamusunthe n'komwe, kuti akapeze ya ufa ndi ya sopo. Mmodzi anaimika njinga yake pa mwala, anabwera, ndipo tcheni changa anachibwezera ndi zala ziwiri.

"Bwana, katundu wanu ali kuti?"

"Ndilibe katundu, achimwene."

"Nanga njingayi mukupita nayo kuti?"

"Kumtunda."

"Kukatani?"

"Kuti ndikatsike nayo."

Anakhala chete pang'ono. "Akulipirani zingati?"

"Ndalipira ndine."

Bamboyo anapukuta manja pa buluku, anandiyang'ana kuyambira chisoti mpaka nsapato, ndipo anati, "Mulungu akuthandizeni, bwana." Sanaseke. Kuseka kukanakhala bwino.

Ndinkafuna kumuuza kuti mitengo ikutha m'phirimo, chifukwa ikuthadi. Malo ambiri amene kale munali paini wothithikana pano ndi zitsa ndi udzu wopserera. Koma ndinakumbukira thumba la makala limene lili kuseri kwa chitseko kwathu, ndi momwe ndimakangana ndi wogulitsa kuti anditsitsire mtengo, ndiye ulaliki wanga ndinaumeza.

Ana ndinawapeza ku Emperor's View atadya kale mabisiketi anga. Malowa anawatcha choncho chifukwa Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inaimapo mu 1965, ndipo chapafupi pali Queen's View, pamene anaimapo amayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957. Ndikukayika ngati anthu amenewa anafika akukankha njinga. Akuti ukaima pamenepo umaona tauni yonse ya Zomba, nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Akuti. Ife tinapeza chifunga chokhachokha, choti ukatambasula mkono zala osazionanso. Mnyamata wathu sanagwe mphwayi. Analoza kumanzere nati uko ndi ku Chilwa, analoza kutsogolo nati ilo ndi Mulanje, ife n'kumavomera kuti eya, n'kokongoladi. Tinajambulitsa chithunzi. Amene wachiona amafunsa ngati tinali m'khitchini mofuka utsi.

Mnyamatayo anati tikadali ndi nthawi yopita ku Chingwe's Hole, dzenje lakuya la mbali ina ya phirili, limene anthu amasimba kuti mafumu akale ankaponyamo adani awo. Ndinafunsa ngati adaniwo ankachita kuwanyamula popita nawo kumeneko, chifukwa ngati ankawanyamula ndinali wokonzeka kupalamula. Anati ankayenda okha. Tinabwerera.

Tsono pobwerera m'pamene njinga ija inakumbukira ntchito yake. Kutsetsereka kunayamba bwino, mphepo ikuwomba, ine n'kuyamba kumva unyamata ukubwerera m'mafupa. Ndinapitirira mwana wamkazi, mzime wathu. Ndinapitirira wachisamba. Ndinafuula kuti, "Mwaona? Bambo anu si munthu wamba!" Kenako panabwera pokhota. Pa Humber ya bambo anga, ukagwira buleki njinga inkayamba yaganiza kaye, n'kudzaima mawa lake. Iyi ukangoigwira imamvera nthawi yomweyo, makamaka ya kutsogolo. Njinga inaima. Ine ndinapitiriza ulendo.

Ndinatera m'tchire la mabulosi aja ndinagula dzulo lake, ndipo ndinaphunzira kuti mtengo wake uli ndi minga. Anyani amene anali pamwala chapafupi anasiya zimene ankachita. Wamkulu wawo anandiyang'ana, anadzikanda m'nthiti, n'kutembenukira kumbali. Mzime wanga anafika akuthamanga, ndipo mtima wanga unasungunuka poona chikondi cha mwana, mpaka nditazindikira kuti akuthamangira kuti ajambule chapafupi. Foni ya mkulu wake inali m'manja.

Tisanafike n'komwe ku Matawale, kanemayo anali atafika pa gulu la WhatsApp la banja. Msuweni wa ku Johannesburg anatumiza nkhope zoseka mzere wathunthu. Azakhali a ku Ntcheu anaimba foni kufunsa ngati ndinayambiranso kumwa. Alamu anangolandira jekete yawo yong'ambika, n'kunena kuti, "Walira mvula walira matope," ngakhale amene analira mvulayo anali mlongo wawo, amene pa nthawiyo ankatsuka fulasiki akuimba nyimbo ya kwaya.

Kunena zoona, anawo anasangalala. Anadya nsima yambiri, anagona tulo tofa nato, ndipo wachisamba uja anakhala maola angapo osafunsa za bando, chinthu chimene sichinachitikepo chigulireni foni. Mzime tsopano amauza anzake kuti madzi a pampopi amachokera kuphiri, osati ku khoma. BP yanganso akuti yatsikako, ngakhale imakweranso tsiku lililonse lobweza chiwongoladzanja ku banki nkhonde. Lolemba lotsatira ndinagwira ntchito choimirira, ndipo abwana anandiyamikira pamaso pa anzanga kuti ndabwera ndi changu chatsopano.

Vuto ndi lakuti Mulanje amene sitinamuone uja anawo akufuna akamuone pafupi. Afufuza kale kuti nsonga ya Sapitwa ndi mamita 3,002, kuti ulendo umayambira ku Likhubula, kuti m'phirimo muli tinyumba togona, ndiponso kuti kuli anyamata onyamula katundu amphamvu zoti chaka ndi chaka amachita mpikisano wothamanga kukwera ndi kutsika phirilo. Mayi a ana amva kuti chapafupi pali mathithi a Dziwe la Nkhalamba, ndipo agula kale fulasiki yokulirapo.

Ndiye abale anga a ku Likhubula, ngati pakati panu pali amene amalola kusenza katundu wa makilogalamu 94, wolankhula koma wosavuta, asiye uthenga kwa akonzi a nyuzipepala ino sukulu zisanatsekere. Za mtengo tikambirana, koma akakambirane ndi akazi anga.