Dola yotchipa ili pabolodi

Tiyenera kuyamika kuti m'dziko muno dola ndi yotchipa. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu idagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pa K1,700, ndipo chaka chotsatira mtengowo udakhazikika cha pa K1,750 ngati wothiridwa simenti. Ukalowa m'banki, nambalayo imawala bwino pabolodi. Kavuto kake n'kakuti ukaifunsa dolayo, amakupatsa fomu n'kukuuza mwaulemu kuti udikire. Panja, mnyamata wa kachikwama ka m'chiuno amakhala nayo yosayamba, koma pa mtengo wokwera zedi. Ife osadziwa za chuma timangodabwa kuti dola imakumbukira bwanji njira ya kumsika pomwe ya kubanki idaiwala kalekale.

Ena amati mtengowu ukasiyidwa kuti msika uugamule, katundu akwera ndipo wosauka avutika. Nkhawayi ndi yomveka. Koma wogulitsa zitsulo za galimoto ndi zovala za kaunjika adagula dola yake panja, ndipo mitengo yake imatsatira ya panjayo. Ndiye kuti wosauka akulipira kale mtengo wa kumsika, pomwe dola yotchipa ikupita kwa yemwe fomu yake yapezeka pamwamba pa mulu. Mlimi wa fodya, yemwe amabweretsa dolayo, amasinthiridwa pa mtengo wa pabolodi, mwina pomuthokoza. Mwamwayi, tonse timadana ndi bulaki mpaka tsiku lopita ku Johannesburg kukaoda katundu.