Wotsiriza ndiye ayambe kusankha? Mkangano wa pa chiwaya ku Dedza

Ku America kuli lamulo limene mlembi wanu amalakalaka likanafika ku Dedza iye akadali pa sukulu: amene walephera kwambiri ndiye amapatsidwa mphoto. Mu ligi ya NFL, ya mpira wawo uja wooneka ngati papaya, umene amathamanga nawo ataukumbatira, muli matimu 32. Chaka chilichonse, cha mu Epulo, matimuwa amagawana anyamata ochokera m'makoleji, ndipo timu imene yathera pansi penipeni ndiyo imayamba kusankha. Amene atenga chikho amadikira mpaka anzawo onse atatola. Mwambowu amautcha draft, ndipo unayamba mu 1936.

Nkhaniyi inafika pa chiwaya cha pa boma ndi mphwake wa mlembi wanu, mnyamata amene ya bandulo saisowa ngakhale ya sopo imamuvuta. Iye anangoponya funso n'kubwerera pa foni yake: Dedza Dynamos itauzidwa kuti isankhe koyamba mnyamata aliyense m'Malawi muno, itenge wotani? Unali mwezi wa Juni, mphepo ikutsika m'phiri la Dedza n'kumalowa m'mafupa, koma anthu anayiwala kuotha moto. Tchipisi chinazizirira m'mbale.

Woyamba kudumpha anali wakabaza wina, chipewa cha njinga chidakali kumutu. Kwa iye nkhani inali yachidule: tengani wogoletsa, basi. Mpira ndi zigoli, ndipo palibe amene amalipira pageti kuti akaonere munthu akutchinga. Umboni anali nawo. Dynamos inalowa mu Super League mu 2022, ndipo chaka chotsatira Clement Nyondo, atavala yunifomu ya Dedza, anagoletsa zigoli zambiri kuposa wina aliyense mu ligi yonse.

"Ndiye ali kuti lero, mwanawe?" anafunsa aphunzitsi ena opuma, akupukuta magalasi ndi nsonga ya sikafu. Yankho aliyense ankalidziwa: anatengedwa ndi Mighty Wanderers. Aphunzitsiwo ankafuna wotchinga kumbuyo, munthu wamsinkhu, wosayankhulayankhula, amene matimu a ku Blantyre sangamuone msanga poti dzina lake silimveka pa wailesi.

Apa mphwake uja anadzutsa mutu n'kuwauza kuti ngakhale Azungu eni mwambowo amaphonya. Mu 2007 timu ya Oakland Raiders inasankha JaMarcus Russell koyambirira kwenikweni, n'kumukhuthulira ndalama zankhaninkhani, koma patangotha zaka zitatu inamutaya. Tom Brady, mu 2000, anasankhidwa pa nambala 199, matimu onse atamulambalala kangapo, ndipo anadzatenga chikho cha Super Bowl kasanu ndi kawiri. Mlembi wanu atamva za nambala 199 mtima unakhala m'malo, pa chifukwa chimene mumva posachedwa.

Mayi ena ogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu wa M1, amene anabwera kudzatolera ndalama yawo kwa mwini chiwaya, anamvetsera zonsezi ndowa ili m'chiuno. Kenako anafunsa funso limene amuna onse aja sanaliganize: "Kodi mwayi wosankhawo sugulitsidwa?" Umagulitsidwa ndithu. Mu 2023 Chicago Bears inapereka malo ake oyamba kwa Carolina Panthers, n'kulandira wosewera wodziwa kale ntchito, DJ Moore, pamodzi ndi malo ena osankhira a mtsogolo. Panthers inatenga Bryce Young, koma inathera pansi pa ligi, moti malo oyamba a 2024 anagweranso m'manja mwa Bears, imene inasankha Caleb Williams. Mayiwo anagwedeza mutu monyadira anzawo a bizinesi a ku Chicago. Iwo akanagulitsa mwayiwo kwa Maule, a Big Bullets, tsiku lomwelo, ndalamayo n'kugulira mafuta a basi ya ku Karonga ndi kulipira anyamata mwezi usanathe. Sanadikire yankho, anawerenga ndalama zawo n'kumapita.

Mlembi wanu, amene nthawi yonseyi ankadya tchipisi cha aphunzitsi mwaulemu, anatsokomola n'kunena maganizo ake: atenge goloboyi. Timu yaing'ono imakhalira kutchinga mphindi 90, ndiye munthu wofunika ndi amene amagwira ntchito yambiri.

Anthu anaseka mpaka wakabaza anatsamwa ndi tsabola. Vuto n'lakuti pa Dedza anthu amadziwana, ndipo ambiri pa chiwayapo amakumbukira mmene mkuluyu analowera pagolo. Draft yathu ife tinali nayo kalekale, pa bwalo la fumbi kuseri kwa sukulu. Anyamata awiri akuluakulu ankaima kutsogolo, ena onse n'kundanda. Woyamba kusankhidwa ankakhala mwini mpira, ngakhale akhale woponda ndi chala chachikulu, chifukwa akakwiya ankanyamula mpira wake wa majumbo n'kumapita kwawo. Kenako othamanga, kenako amene anabwera ndi nzimbe. Pamapeto pankatsala mlembi wanu, manja ali m'thumba la kabudula wong'ambika, atsogoleri awiri aja akukankhirana: "Ameneyu mutenge ndinu." "Iyayi, takupatsani ulere." Akatero ankamuimika pakati pa njerwa ziwiri n'kumuuza kuti asasunthe. Iye ankamvera. Mpira ukamabwera sankasunthadi.

"Atsibweni," anatero mphwake uja, "Brady anali nambala 199 pakati pa anthu odziwa mpira." Mlembi wanu akuganizabe zomuchotsa mnyamatayu pa mndandanda wa odzalandira mbuzi zake.

Komabe mkuluyu ali ndi mfundo, ngakhale amene akuinena ndi goloboyi wa njerwa. Kuno wotsiriza sasisitidwa. Mu Super League muli matimu 16, ndipo atatu apansi amatsanzikidwa n'kutsikira ku ligi yapansi. Amene ali ndi thumba ndiye amasankha koyamba, kachiwiri ndi kachitatu komwe. Nyasa Big Bullets inatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, Silver Strikers n'kudzailanda mu 2024. Draft anaipanga kuti zoterezi zisamachitike kawirikawiri, koma chimene chimaipatsa mano ndi pepala: wosankhidwa mu NFL amasaina mgwirizano wa zaka zinayi, ndipo sangachoke chifukwa choti wina wamuimbira foni usiku. Popanda pepala lotero, kaya Dedza itenge wogoletsa kaya wotchinga, ikhala ikulerera ena mwana.

Si onse ku America komweko amene akuukondabe mwambowu. Ligi ya mpira wa amayi ya NWSL inauthetsa mu 2024, kuti wosewera azisankha yekha kokagwira ntchito. M'chaka chomwecho Temwa Chawinga, mwana wa ku Rumphi amene Kansas City Current inakamutenga ku China osadzera mu draft, anamwetsa zigoli 20 mu ligiyo n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Wakabaza uja atamva izi anati zikutsimikiza mfundo yake ya wogoletsa. Aphunzitsi anati zikutsimikiza yawo, ngakhale sanafotokoze motani. Mwini chiwaya anati zonsezo wamva, koma mbale zitatu sizinalipiridwe.

Mlembi wanu sanasinthe maganizo: goloboyi, ndi mgwirizano wa zaka zinayi wosainidwa pamaso pa mboni. Ndiye inu a ku Lobi, Mayani, Linthipe ndi Bembeke, mukaona mnyamata wogwira mipira bwino pa bwalo la kwanuko, kanong'onezeni akuluakulu a Dynamos mwakachetechete. Chonde musamujambule n'kumuika pa Facebook, a ku Blantyre nawonso ali ndi bandulo.