Magazini ya Dokotala Yafika ku Fonte Boa

Mphunzitsi wina wa ku Fonte Boa anabwera kuchokera ku Joni ndi mtolo wa magazini akale a Doctor Who. Magaziniyi inayamba mu Okutobala 1979 ku Britain, pa mtengo wa mapeni 12, ndipo imangolemba za sewero limodzi la pa kanema wa BBC lomwe linayamba mu 1963. Mphunzitsiyo atayamba kufotokozera anthu, anamva zakumva.

*

"Poyamba inkatuluka sabata iliyonse," anatero mphunzitsi, "koma mu 1980 inayamba kutuluka kamodzi pamwezi."

Mayi wina anapukusa mutu. "Bambo a kunyumba atapita ku Joni ndalama ankatumiza chonchonso. Achimwene, chenjerani nayo magaziniyo, posachedwa izibwera pa Khirisimasi pokha."

*

Mphunzitsi anaonetsa chithunzi cha TARDIS, kabokosi ka apolisi kamene Dokotala wa m'seweroli amayendera m'mlengalenga. Kunja n'kakang'ono, koma m'kati ndi chinyumba.

Kondakitala wa chapa yopita ku Ulónguè anayasamula. "Chodabwitsa n'chiyani pamenepa? Yanga ndi ya anthu 15, koma dzulo munalowa 24, matumba asanu a mbatatesi ndi mbuzi. Magazini yanga ili kuti?"

*

Dokotalayo akatsala pang'ono kufa amasintha nkhope n'kukhala munthu wina. Zinayamba mu 1966, William Hartnell atasiyira Patrick Troughton udindo wosewera ngati Dokotala.

"Ameneyo ndikumudziwa," anatero mwini golosale. "Anakongola shuga ndi sopo chaka chatha. Ndikapita kwawo amatuluka ndi nkhope ina n'kunena kuti mwini wake wachokapo."

*

Mu 1989 BBC inaimitsa seweroli. Kupatula filimu imodzi ya mu 1996, silinabwerere mpaka 2005. Zaka 16 zonsezo magazini sinaleke kutuluka, ndipo pano ili m'buku la Guinness World Records ngati magazini yokhalitsa kwambiri mwa onse olemba za sewero la pa kanema.

Mnyamata wa m'kalasi anakweza dzanja. "Aphunzitsi, anthu analemba zaka 16 za chinthu chomwe kunalibe, n'kulandira ulemu. Ine ndinangolemba masamba awiri okha za buku lomwe sindinawerenge, inu n'kundipatsa ziro. Chilungamo chili pati?"

*

Kale BBC inkafufuta matepi kuti ijambulirepo zina, ndipo magawo ambiri a seweroli anasowa. Mu 2013 kunamveka kuti magawo 9 apezeka m'chipinda chosungira katundu mumzinda wa Jos ku Nigeria.

Agogo aakazi, omwe adzukulu amawaseka chifukwa chosunga zitini ndi mapepala, anawomba m'manja. "Mwamva, ana inu? Wina akhudze za pansi pa bedi langa aone! Azungu akubwera ndi ndalama."

*

Pomaliza mphunzitsi ananena monyadira kuti mu 2023 udindo wa Dokotala unapita kwa Ncuti Gatwa, wobadwira ku Rwanda.

Agogo aamuna anatsamira ndodo. "Mwana wa kuno ku Africa?"

"Eya, agogo."

"Ndipo ndi dokotala?"

"Wa m'sewero, agogo."

"Akugwira ntchito kuti?"

"Ku Britain."

"Basi, ndi dokotala weniweni ameneyo. Onse amathawira komweko."