Mwambo Wotupitsa Mapazi, Wolembera Anyamata a Mpira

Inu anyamata a ku Mecanhelas, amene mumenya mpira m'mabwalo ouma kuyambira ku Insaca kufikira ku Chiuta, tcherani khutu. Pakuti ndaona kuti ambiri a inu mutupa akakolo ndi kuchita dzanzi mwangozi chabe, chonsecho ntchito imeneyi ili ndi mwambo wake woyenera kuusunga.

Chiyambi cha zonse ndicho jombo. Mukafika pa kaunjika ku Entre Lagos, kumene njanji yochokera ku Cuamba iwolokera ku Nayuchi, musayese jombo madzulo, popeza nthawi imeneyo phazi likhala litafufuma ndi maulendo a tsiku lonse, ndipo lingakuuzeni zoona. Muyese mmamawa, ndipo chala chachikulu chikapindika mkatimo, wogulitsa nanena kuti, "Ikula yokha imeneyo, achimwene," mumkhulupirire ndi mtima wanu wonse. Pomanga zingwe mukoke monga mukoka chingwe pa thumba la matemba kumbuyo kwa njinga. Chifukwa chake nchakuti pamwamba pa phazi padutsa mitsempha yopita ku zala, ndipo munthu akathamanga pa dzuwa la October magazi achuluka kumapazi, phazi likula, jombo ikana kukula nalo, mitsempha ipanikizika, kotero kuti lisanathe gawo loyamba mudzakhala mukumenya mpira ndi phazi limene simukulimva ngati lanu.

Zikafika apa, wopepera amakhala pansi, namasula zingwe, nakweza miyendo pa benchi, dzanzi nkutha anthu asanamuone nkomwe. Inu musatero ayi. Mugwe pakati pa bwalo, muloze timu ya alendo, mufuule kuti, "Atitchera pagolo!" ndipo madzulo ake mukatemetse mphini pa kakolo ndi lumo limene latema kale anzanu, kuti pa kutupa paonjezeke chilonda.

Koposa zonse mupewe chipatala, pakuti anamwino ali ndi mafunso osautsa. Adzafuna kudziwa ngati dzanzi likhalabe usiku m'mapazi onse awiri, ngakhale tsiku limene simunasewere, nadzakuyezani shuga. Adzadina chala pa msongolo, ndipo pakatsala kadzenje adzayamba kunena za mtima ndi impso. Akapeza katumba wa mwendo umodzi watupa, watentha, akupweteka, adzakugwirani pomwepo poopa magazi oundana mumtsempha, amene akhoza kupha munthu ngakhale wa mphamvu zake. Kodi nkhani yabwino ya ufiti, yoti mukanaifotokoza pa msika chaka chathunthu, ifere m'manja mwa anthu otere? Akulu anati safunsa anadya phula, koma sananene kuti phulalo linamuwawa.

Amene ulemerero umenewu saufuna agule jombo yosiya mpata wa chala chimodzi kutsogolo. Koma asadzandidandaulire akatha mphindi 90 nabwerera kwawo ndi miyendo yake, popanda ngakhale mmodzi womunyamula.