Msamuko wa ku Linux

Microsoft itasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, bwana wa kampani ina anaitanitsa msonkhano. "Makompyuta athuwa ndi nkhalamba, Windows 11 ikuwakana. Lolemba tonse tikusamukira ku Linux." Mesenjala anakweza mkono. "Bwana, ine sindikukana ayi, koma minibasi ya kumeneko ndi zingati kuchokera ku Ndirande?"

Tsono panafunika kusankha database. Mnyamata wa makompyuta anajambula pa bolodi. "Iyi ndi MySQL, chizindikiro chake ndi dolphin. Iyi ndi PostgreSQL, chizindikiro chake ndi njovu, chifukwa amati njovu siiwala." Mayi wowerengera ndalama anawomba m'manja. Bwana anayang'ana faelo ya ngongole za kampani, kenako anakanda m'mutu. "Iwe, palibe ina ya nyama yoiwalako pang'ono?"

Pakati pa usiku foni ya bambo wina inalira. Anadzuka n'kuyamba kuvala nsapato. "Maria wagwanso, ndikamudzutse." Mkazi wake anayatsa getsi. "Bambo a Chisomo, Maria ndi ndani?" Bambo uja anafotokoza bwinobwino kuti ndi MariaDB, ndipo amene anaipanga, Michael Widenius wa ku Finland, anaitcha dzina la mwana wake wamkazi. "Ngakhale MySQL imene ndinali nayo poyamba ija, My ndi mkulu wake wa Maria." Mayi uja anamanga chitenje m'chiuno. "Ohoo! Munayamba ndi mkulu wake, pano muli ndi mng'ono wake?"

Wina anazolowera kulemba mapulogalamu mu Visual Studio. Atafika pa Linux anatsegula Vim. Kudina apa, zii. Kudina apo, kompyuta ingolira. Mnzake anamumvera chisoni. "Achimwene, potuluka mumadina Esc, n'kulemba :q basi." Iye anapukusa mutu. "Zimenezo n'zovuta, ine ndinapeza njira yanga. Ndimangodikira magetsi azime."

Mdzukulu ankadandaulira agogo ake pakhonde. "Agogo, SQL Server inalowa ku Linux mu 2017, koma chida chimene ndimaiyendetsera, Management Studio, chinatsalira ku Windows." Agogo anafwenthera fodya, n'kuyetsemula. "Mkamwini amene wabwera kudzakwatira koma khasu wasiya kwawo? Musamupatse munda ameneyo."

Mwezi utatha, pulogalamu ya malipiro ku kampani ija inakana kugwira ntchito. Pa Windows, MySQL inkaona "Malipiro" ndi "malipiro" ngati dzina limodzi, koma pa Linux chilembo chachikulu ndi chaching'ono ndi anthu awiri osadziwana. Kompyuta inangolemba kuti Malipiro kulibe. Antchito anaunjikana pakhomo la ofesi, nkhope zili gwaa. Bwana anawerenga uthengawo kawiri, n'kusisita kompyuta ija pamsana. "Yangobwera kumene, koma yadziwa kale mmene zinthu zilili pano."

Ku ofesi ya mpingo wina, pulogalamu yakale yolembera zopereka inali ya pa Windows yokha. Mnyamata wa kwaya anati, "Abusa, musadandaule, tingoika Wine mu kompyutamu, iyenda." Abusa anatsokomola. Msungichuma anafunsa mtengo. "Ndi waulere, bambo." Mkulu wa mpingo wina, amene anali chete nthawi yonseyi, anadzuma. "Ana inu, waulereyo ndi amene amapweteka mutu mawa lake."

Mtsikana wina anauza bambo ake kuti wasiya Microsoft Access, pano zonse akusunga mu SQLite. "Database yonse ili mu faelo imodzi, bambo, ndipo sifuna seva." Bambo aja anagwedeza mutu mokhutira. "Wachita bwino mwanawe. Masiku ano antchito a m'nyumba akudula."

Mnyamata wa makompyuta uja anachezera usiku wonse ku ofesi. M'mawa anapereka kalata yopempha ndalama za ovataimu: wasamutsa matebulo 60 kuchokera ku SQL Server kupita ku PostgreSQL. Bwana anaitana mayi wokolopa kuti achitire umboni. Mayiyo anayang'ana uku ndi uku, anawerama, n'kuloza fumbi la pansi pa desiki. "Bodza, bwana. Ndi imodzi yomwe sinasunthe."