Mazira a ku Japan ndi mafunso anga

Abale, ndithandizeni kumvetsa. Alamu anga abwera kuchokera ku Johannesburg ndi air fryer, ndipo akuti atiphikira mazira a ku Japan otchedwa chawanmushi. Afotokoza zonse, ine n'kumavomera ndi mutu, koma m'mtimamu mafunso ali mbwee.

Akuti umaswa dzira, kulitakasa pang'onopang'ono kuti lisachite thovu, n'kuthiramo msuzi wochuluka katatu kuposa dziralo. Katatu! Kuno munthu akathira madzi m'mazira, si paja timati alendo amuchulukira? Ukatero akuti umasefa, kuthira m'kapu, kuponyamo tizidutswa ta nkhuku ndi bowa. Zikapsa zimagwirana mofewa, zonjenjemera, zodya ndi supuni. Nanga nsima tisunsa pati?

Msuziwo ndiye wandiimitsa mutu. Dzina lake ndi dashi. Ena amaupanga ndi ndere za m'nyanja yamchere zotchedwa kombu pamodzi ndi nsomba ya bonito youma yopalapala. Ena amagwiritsa ntchito niboshi, tinsomba ting'onoting'ono tomwe amayamba atiwiritsa kenako n'kutiyanika. Pophika amatidula mitu ndi kutichotsa matumbo kuti msuzi usawawe, amatinyika m'madzi, n'kuwiritsa pang'ono. Pepani, kodi ameneyu si mbale wake wa usipa wofutsa, womwe uja wadzaza m'malichero pamsika wa Mtakataka ndi pa Golomoti? Zoona, wathu ndi wa m'nyanja yopanda mchere. Koma tamvani izi: msuzi ukakoma, nsombazo amazivuula n'kusunga madziwo. Madzi ndiye ndiwo, nsomba ayi?

Tsono makinawo. Kampani ya Philips inawaonetsa koyamba ku Berlin mu 2010. M'kati mwake muli waya wotentha ndi fani yomwe imazunguza mpweya wouma, n'chifukwa chake tchipisi ndi nkhuku zimatuluka zokhukhuta bwino ndi mafuta ochepa. Pamenepo sinditsutsa. Koma alamu omwewo akuti mazirawa amafuna nthunzi ndi moto wa ulesi. Dzira losakaniza ndi msuzi limagwirana kutentha kukafika cha m'ma 80 digiri, madzi asanawire n'komwe. Ukapyola, limachita timabowo, madzi n'kupatukana nalo, ntchito yonse yawonongeka. Ndiye akuti azivindikira kapuyo ndi foyilo, atsitse moto, mwinanso aikhazike m'kambale ka madzi.

Apa ndi pomwe ndasokonezeka. Tanyamula makina ouzira mphepo youma kudutsa nawo Beitbridge, Nyamapanda ndi Dedza, kenako tikubisa mazira kuti mphepoyo isawakhudze? Anthu a ku Japan ankaphika chakudyachi magetsi asanafike kwawo. Ankachita bwanji? Si poto, madzi pang'ono pansi, kapu pamwamba ndi chivindikiro? Mbaula ya makala ochepa singathe zimenezo? Nanga magetsi akathima dzira lili pakatikati, timadya kapena timamwa?

Alamu ayankha kuti pa mbaula umayenera kukhalapo, maso pa moto, pomwe makinawa umangotchera nthawi n'kukasamba, akamaliza alira okha. Imeneyo ndaimva, makamaka mwezi wa Okutobala kuno kuchigwa, pomwe kuyandikira makala ndi chilango. Afuna ayesere usipa m'malo mwa niboshi, ndipo andituma wa pambale imodzi. Ndapempha chinthu chimodzi chokha: akauvuula asautaye. Tomato ndi anyezi ndagula kale.